Maliro Achiwiri a Kaligwenje

Mu ufumu wa Zilibwino, munthu wotanganidwa kuposa wina aliyense anali wakufa. Dzina lake anali Kaligwenje, mkulu woganiza mozama amene anatsikira kulichete zaka mazana anayi zapitazo, m'masiku amene amalonda a minyanga ankafika ndi nsalu ndi mikanda kuchokera kunyanja yamchere. Amalondawo ndiwo anamuphunzitsa kulemba, ndipo asanafe anasiya mitu khumi ndi iwiri ya nzeru pa zikopa za mbuzi. Khumi ndi iwiri basi. Koma pofika m'masiku a Mfumu Sindilakwa Yachinayi, mawu a malemuwo anali atadzaza mabuku asanu ndi anayi, lachikhumi lili kwa osindikiza. Amati mawu a akulu akoma akagonera. Mawu a Kaligwenje sankangokoma ayi, ankaswana.

Mzamba wa mawuwo anali a Katsekera, Nduna Yosunga Mawu a Malemu, bambo wa khosi lamakwinya atatu ndi makiyi ambiri m'chiuno. Mfumu ikalakalaka chinthu Lolemba, pofika Lachitatu a Katsekera amakhala atapeza kachikopa kena kamene kanaiwalika kuseri kwa bokosi. Mfumu itafuna mkazi wachisanu ndi chimodzi, zinapezeka kuti Kaligwenje adati nyumba ya mfumu isamawerengedwe zitseko. Mlatho wa pa mtsinje wa Dikirani utagwa, zinapezekanso kuti Kaligwenje adati wofuna kuwoloka aphunzire kusambira. Anthu a pa msika wa Nong'onani, poona kuti malemu sakana ntchito, nawonso anayamba kumutuma. Ukagwira tomato nthawi yaitali, wogulitsa ankakuuza kuti Kaligwenje adati tomato sapsinya.

Mumzinda waukulu wa Tavomera munali munthu mmodzi yekha amene ankamukonda Kaligwenje moona mtima, ndipo ndiye amene anamangidwa chifukwa chomunyoza. Anali a Sikelo Gwedeza, mphunzitsi wa kusekondale, wowonda ngati mpini, amene anaphunzitsa nzeru za malemuwo zaka makumi awiri ndi zitatu. Zikopa khumi ndi ziwiri zenizeni zija ankazidziwa ngati mzere wa m'dzanja lawo. Vuto lawo linali limodzi: powerenga ankayang'ananso zaka.

Tsiku lina, woyendera sukulu ali khale kumbuyo kwa kalasi, phunziro linafika pa mutu wonena kuti nduna yoyenda ndi galimoto imodzi imachititsa manyazi dziko. A Gwedeza anavula magalasi n'kufunsa kalasi kuti kodi galimotoyo Kaligwenje anaiona kuti. Akanalekera pomwepo mwina akanangowasamutsira kumudzi. Koma munthu akasunga mawu zaka makumi awiri, tsiku lotsegula pakamwa satseka msanga. Ananena kuti m'zikopa zenizeni mulibe pamene palembedwa kuti mfumu silakwa, kuti chikopa chachisanu ndi chinayi chimati mfumu yosafunsidwa ili ngati nyumba yosasesedwa. Anawonjezeranso kuti Kaligwenje yemweyo, amene analemba mokoma kuti anthu onse magazi awo ndi amodzi, anali ndi akapolo khumi ndi mmodzi amene ankamupalira zikopa zolembapo mawu okomawo.

Kubwalo la milandu a Katsekera anayankha nkhani ya galimoto mosavutika. "Kudziwa galimoto isanabwere," anatero akugwedeza makiyi, "ndiwo umboni wa nzeru zake. Chitsiru chilichonse chikhoza kuidziwa galimoto itafika." Oweruza analemba mawuwo mosamala. Za akapolo sanazikambe, poti panalibe amene anapeza poyambira. Chigamulo chinali chakuti a Gwedeza akakhale moyo wawo wonse ku Dambo la Iwalani, kumene udzudzu umadya masana ndi usiku ndipo palibe amene anabwerako ndi miyendo yake. Anati awatengera kumeneko mwambo waukulu wa Kaligwenje ukangotha, chifukwa malole onse a boma anali kututa simenti.

Mkazi wawo, Nangondo, wogulitsa zitumbuwa pa msika wa Nong'onani, anapita kukawaona kundende ndi kambale kovindikira.

"Ndinkakuuzani ine, abambo, kuti zimenezi muzinenera kuchipinda," anatero akuwapatsa madzi osamba m'manja. "Kalasi ili ndi mazenera."

"Ndinangofunsa, Nangondo. Paja amati safunsa anadya phula."

"Eya, iye anadya phula n'kubwerera kwawo. Inu wofunsanu ndi amene mukukadyedwa."

Anaseka onse awiri, koma potuluka pachipata Nangondo analira mpaka chitenje chinanyowa. Zaka makumi atatu anali atakhala ndi munthu ameneyu, wosadziwa kukhoma msomali, wowerenga ngakhale pepala lokulungira usipa, ndipo sankafuna wina.

Simenti ija inali ya chiliza. Pokumbukira zaka mazana anayi za malemu, Mfumu Sindilakwa inalamula kuti mafupa a Kaligwenje achoke kumanda a anthu wamba akagone pafupi ndi nyumba yachifumu, m'chiliza chachitali kuposa chipatala. Pa wailesi, Mfumu inadzitcha Mwana Yekhayo wa Nzeru za Kaligwenje. Zonse zinali m'malo mwake: nyimbo, nsalu za chithunzi cha malemu, amene nkhope yake inafanana modabwitsa ndi ya Mfumu, ndi mbuzi makumi asanu za alendo. Chinasowa ndi munthu wokumba.

Asilikali anakana. Mkulu wawo ananena kuti chipolopolo sachiopa, koma kutupa miyendo chifukwa cha manda a eni ake sikunali m'pangano la ntchito. Akaidi nawonso anakana, nati bola Dambo la Iwalani. Ku Zilibwino munthu akhoza kunamiza amoyo tsiku lonse, koma manda amafukulidwa ndi adzukulu okhawo amene anaika malirowo, kapena mbumba yawo. Choncho alembi a boma anafufuza m'mabanja mpaka anapeza kuti amene anaika Kaligwenje anali a kwa Ngondo, ndipo wamkulu wotsala m'banjamo anali mayi wina wogulitsa zitumbuwa. Kuti mayiyo ndi mkazi wa yani, palibe anafunsa. Ku Zilibwino funso linali litakwera mtengo sabata imeneyo.

A Katsekera anapita okha kumsika ndi apolisi awiri. Nangondo anamva nkhani yonse akutembenuza zitumbuwa m'mafuta, osadzutsa mutu.

"Ndamva, bwana. Ndiye kuti ndi maliro?"

"Ayi, mayi, ndi mwambo wosamutsa chuma cha dziko."

"Pepani, ine sukulu sindinapite nayo patali. Munthu wakufa akakhala kunja kwa dothi, abale ake atasonkhana, kwanu mumati chiyani?"

A Katsekera anayang'ana apolisi, apolisi anayang'ana zitumbuwa. "Chabwino, maliro."

"Mulengeze choncho pa wailesi, kuti alongo anga agwire makasu mtima uli m'malo. Nanga namfedwa ndani? Sitingakumbe popanda mwini maliro."

"Mwana Yekhayo wa Nzeru zake alipo," anayankha a Katsekera mokondwa, akuona kale chithunzi cha Mfumu itagwira tsaya patsamba loyamba la nyuzipepala.

Nduna zikakhalitsa m'galimoto zimaiwala zimene aliyense woyenda pansi amadziwa. Ku Zilibwino, maliro akakhala panja, chigamulo cha mlandu uliwonse chimadikira. Namfedwa amakhala pamphasa, osasamba, osayankha munthu, kaya anenedwe chotani. Ndipo pakamwa pa mdzukulu palibe mpanda: amatha kuvala zovala za malemu, kumuyerekeza, kumunena, kunena abale ake, kugwira nkhuku iliyonse yodutsa pabwalo, popanda womuzenga mlandu. Maliro amatha tsiku limene adzukulu anena kuti tsopano tisese, osati tsiku limene namfedwa watopa.

Anafukula Lachisanu m'mawa. Alongo ake a Nangondo anapeza mafupa ochepa, kaliwo wosweka ndi mikanda itatu. Munthu wa mabuku asanu ndi anayi anakwana m'kabokosi kamene mwamuna mmodzi ananyamula m'khwapa. Masamba anaikidwa m'misewu yonse ya Tavomera, kotero kuti ngakhale galimoto za nduna, ziwiriziwiri monga mwa mawu a malemu, zinkayenda ngati zikudwala. Mfumu inakhala pamphasa pansi pa tenti, nsapato itavula, nkhope yachisoni itakonzedwa bwino.

Kenaka Nangondo anatulukira atafunda chikopa cha mbuzi, ndodo ya malemu yochokera kunyumba yosungira zakale ili m'manja, akutsimphina mwendo wamanzere.

"Ndadzuka ine Kaligwenje," anatero ndi mawu a nkhalamba yokwiya. "Ndamva kuti ndakhala ndikulankhula kwambiri chifereni. Ndani amene wakhala akundibwereka pakamwa osapempha? Iwe wa makiyiwe, tayandikira. Galimoto n'chiyani? Amadya?"

Wina kumbuyo anaseka n'kudzigwira pakamwa. Atayang'ana apolisi n'kuona kuti nawonso mapewa akugwedezeka, anasiya dzanja ligwe.

Nangondo ananena zonse zimene a kwa Ngondo ankauzana m'banja mwawo kuyambira tsiku la maliro oyamba, pakuti adzukulu ndi amene amasambitsa munthu ndipo amadziwa zimene nsalu imabisa. Ananena kuti malemuyo sanagwirepo khasu, kuti anali wa mkangano moti anthu ankasintha njira akamuona. Ananena kuti mitu inayi mwa khumi ndi iwiri ija inali ya mkazi wake, amene ankainena akupeta mapira, mwamunayo n'kuthamangira kukalemba. Anatchula akapolo khumi ndi mmodzi aja mayina awo, mmodzimmodzi, ndipo apa panalibe woseka, chifukwa mayina ena anali a mabanja amene anali pomwepo.

"Koma chimodzi ndinachita," anatero akugogoda ndodo pansi. "Mfumu ya masiku anga itagulitsa mudzi wathunthu kwa amalonda, ndinaifunsa pabwalo kuti anthu akatha idzalamulira mitengo kodi. Mochedwa, inde, anga khumi ndi mmodzi ndili nawo kale kuseri. Koma ndinafunsa. Mukudziwa kumene inanditumiza? Ku Dambo la Iwalani. Adzukulu angawa anakanditenga kumeneko nditapepuka ngati nkhuku yachitopa. Ndipo pamaliro anga amene analira mokweza kuposa onse anali mfumu yomweyo."

Apa anatembenuka n'kuyang'ana pamphasa. "Mwana wanga yekhayo, sukulira bwanji?"

Mfumu inatsegula pakamwa, inakumbukira kuti ndi namfedwa, n'kutsekanso.

Anthu ankayembekeza kuti m'mawa mwake aika. M'mawa mwake Nangondo anayendera chiliza n'kupeza kuti dzenje layang'ana kolakwika, mutu wa malemu ukanaloza kuchimbudzi cha alonda. Anayamba lina. Tsiku lachitatu mpini unathyoka, ndipo mpini wa manda sugulidwa, umasemedwa ku mtengo umene adzukulu asankha okha, umene unapezeka kuti uli kutali. Tsiku lachinayi adzukulu anali ndi njala. Mbuzi makumi asanu za alendo zinayamba kuchepa.

Nkhani yoipa kwambiri kwa boma inachokera kumsika. Mkulu wina wosoka nsapato anakumbutsa anzake kuti aliyense wogwirako khasu la manda, ngakhale kamodzi, ndi mdzukulu mpaka tsiku losesa. Pofika masana mzere wa anthu ofuna kuthandiza maliro unachoka pachiliza mpaka pa msika wa Nong'onani. Munthu ankatema dothi kamodzi, n'kupereka khasu kwa mnzake, n'kupita kukaima patsogolo pa mphasa. Mayi wina wa nyemba anafunsa namfedwa ngati iyeyo anaphunzira kusambira. Woyendetsa ngolo anayerekeza kayendedwe ka a Katsekera, zitini zitamangidwa m'chiuno m'malo mwa makiyi. Wosoka nsapato uja sananene zambiri. "Pepani ndi zovutazi, bwana," anatero mwaulemu atagwira chipewa. "Mwataya munthu amene ankakuvomerezani chilichonse. Wotere sapezekanso, kupatula kumanda."

Nawo ophunzira a kusukulu yaukachenjede, amene zaka zonse ankalemba kuti Kaligwenje ndi dzuwa losalowa, anagwirako khasu n'kuyamba kukangana poyera. Ena ankati malemuyo anali wachinyengo wodyera thukuta la akapolo ndi nzeru za mkazi wake. Ena ankati munthu amuyeze ndi masiku ake. Ena ankati funso limodzi lija likuposa mabuku asanu ndi anayi. Kwa nthawi yoyamba m'zaka mazana anayi, anthu anawerengadi zikopa khumi ndi ziwiri zija, ndipo ambiri anadabwa kuti n'zazifupi chotere.

Pofika tsiku lachikhumi ndi chimodzi Mfumu inali kudzikanda ndi kamtengo. Akazembe a mayiko ena obwera kudzapepesa ankayamba aona kumene mphepo ikuchokera asanasankhe pokhala. Asilikali sakanathandiza: khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mkhate wake uno unali bokosi la mafupa a Kaligwenje. Mfumu inakodola a Katsekera.

"Mayi ameneyu akufuna chiyani?" inanong'ona. "Mbuzi zatha."

A Katsekera anawerama. "Mfumu yanga, tafufuza. Ndi mkazi wa mphunzitsi uja. Tikasesa lero, mawa mwamuna wake akwera lole. Ndiye sakufulumira."

"Ndiye m'masuleni!"

"Kumumasula ndi kuvomera kuti chigamulo chinalakwika, Mfumu yanga. Ndipo dzina lanu..."

Mfumu inaganiza, ikudzikanda. Dzina silikanasinthika, linali pa ndalama, pa masitampa ndi pa zipata za sukulu. "Kodi Kaligwenje," inafunsa pang'onopang'ono, "sananenepo kanthu pa nkhani ngati imeneyi?"

Limenelo linali Lolemba. Lachitatu m'mawa a Katsekera anaima pachiliza ndi kachikopa kamene kanapezeka kuseri kwa bokosi, nawerenga mokweza kuti Kaligwenje adati: wofunsa funso musamumange, pakuti pakamwa pake ndiye tsache la mfumu. Anadikira kuwomba m'manja. Sikunabwere. Anthu amene akhala masiku khumi akuseka makiyi ako sakhulupirira msanga zimene makiyiwo atsegula.

"Mawuwo ndi okoma, bwana," anatero wosoka nsapato uja, "koma a galimoto aja analinso okoma kwa eni ake. M'dziko muno munthu wodziwa dzanja la malemu ndi mmodzi. Abwere aone. Akati ndi ake, tivomera."

Khamu linavomereza, ndipo Nangondo anali atakonza zonse kupatula ichi. Mwamuna wake ankamudziwa. Anali munthu woti ukamufunsa ngati ndiwo zakoma, amayamba waganiza kaye.

Anabwera nawo a Gwedeza atavala zoyera za kundende, magalasi atamangidwa ndi ulusi. Anawapatsa chikopa. Sanafunikire nthawi. Chikopacho chinali chofewa, chonunkha utsi wa dzana, ndipo m'mphepete munali ubweya wakuda ndi woyera wa mbuzi imene adzukulu anadya Lolemba. Zilembo zinali zonenepa ngati mwini wake, a Katsekera. Atachotsa chala chachikulu pa mzere womaliza, anaona kuti chada ndi inki.

"Tiuzeni, aphunzitsi," anatero a Katsekera, thukuta likutsika m'makwinya onse atatu. "Kodi mawu awa ndi a Kaligwenje?"

A Gwedeza anayang'ana kabokosi ka mafupa. Zaka makumi awiri ndi zitatu anali atateteza munthu ameneyu kwa omunamizira, ndipo analolera kupita ku Iwalani kuti mawu amodzi onama asalowe m'kamwa mwa malemuyo. Kenaka anayang'ana Nangondo. Mayiyo anali atavula chikopa cha mbuzi chija, ndodo ataika pansi. Sanawatsinzinire diso, sanawagwedezere mutu. Anangoima, maso ali ofiira ndi utsi wa masiku khumi ndi awiri, manja ali ndi matuza a khasu limene mkazi sayenera n'kugwira komwe.

A Gwedeza anapinda chala chija m'dzanja.

"Ndi ake," anatero. "Dzanja lake ndalizindikira."

Nthungululu zinamveka mpaka pa mtsinje wa Dikirani. Misozi inatsika pa nkhope ya a Gwedeza, ndipo atolankhani anajambula, nalemba kuti wonyoza uja walapa ndipo akulira malemu. Kunena zoona, pa maliro onsewo misozi yeniyeni inali yomweyo.

Dzenje linapezeka kuti layang'ana bwino, mpini unali wolimba, ndipo dzuwa lisanapendeke Kaligwenje anali atabwerera m'dothi. M'mawa mwake anasesa. Mfumu inasamba maola atatu, ndipo itatuluka inalamula kuti munthu akaikidwa kamodzi asadzafukulidwenso, lamulo limene Lachitatu lotsatira linapezeka kuti malemu analinenanso kale. Anthu a pa msika anabwerera ku manong'onong'o awo, ngakhale ena amati kuyambira pamenepo manong'onong'owo anakwera pang'ono. Mawu a tsache aja anazokotedwa pachiliza m'zilembo zagolide. Mpaka lero ndi amene anthu a ku Zilibwino amawakonda kuposa onse, amauza nawo apolisi pamsewu, ndipo akatswiri amagwirizana kuti m'mawu amenewa ndi mmene muli mtima weniweni wa Kaligwenje.

Koma tibwerere ku Lachitatu loika maliro lija. Anthu akubalalika, a Gwedeza, tsopano atamasulidwa, ndi Nangondo anatsika njira ya kumsika wapansi, mwamuna patsogolo, mkazi pambuyo ndi beseni lake pamutu. Atafika pamene panalibe anthu, a Gwedeza anaima, natambasula dzanja, namuonetsa chala.

"Nangondo, taona. Ndamunamizira nanenso. Inki yake iyi."

Nangondo anachigwira chalacho, nachiyang'ana bwinobwino monga amayang'anira chitumbuwa ngati chapsa.

"Kunyumba kuli sopo, abambo," anatero. "Ku Iwalani kulibe. Tiyeni."